Brown County, Turkey Run kapena Spring Mill: tilowere kuti Okutobala uno?

Abale anga a ku South Bend ndi ku Indianapolis, masamba akangoyamba kufiira aliyense amati tiyeni ku Brown County. Sindikutsutsa. Ndi paki yaikulu kuposa zonse za boma la Indiana, maekala pafupifupi 16,000, ndipo inatsegulidwa mu 1929. Ubwino wake ndi wakuti mapiri ndi zigwa mumaziona muli m'galimoto, n'kumaima m'malo oonerapo, choncho agogo ovutika mawondo sasiyidwa kunyumba. Katauni ka Nashville kali pafupi pomwepo, ndipo kanatchuka ndi anthu ojambula zithunzi kuchokera pamene katswiri wojambula T.C. Steele anakhazikika m'deralo mu 1907. Vuto ndi khamu. Loweruka la mu Okutobala galimoto zimachita kundondozana, malo oimika n'kusowa. Pitani pakati pa sabata ngati kuntchito akulolani.

Turkey Run, m'boma laling'ono la Parke, imafuna miyendo. Mukaoloka mlatho wolendewera pa mtsinje wa Sugar Creek mumalowa m'zigwembe za miyala zozizira, ndipo njira ya nambala 3 ili ndi makwerero amatabwa komanso malo oponda m'madzi. Nsapato za kutchalitchi zisiyeni. Mbiri yake imandikhudza mtima. Mu 1916, Indiana ikukwanitsa zaka 100, nkhalangoyi inagulitsidwa pa okushoni ndipo inagwa m'manja mwa kampani yocheka matabwa. Mayi Juliet Strauss, mlembi wa ku Rockville, ndi bambo Richard Lieber sanagonje, anasonkhanitsa ndalama mpaka anaiombola chaka chomwecho. Mitengo ikuluikulu imene mumaigwira lero ikanathera kumacheka. M'boma lonse la Parke muli milatho yamatabwa yofoleredwa 31, ndipo chikondwerero chake chimachitika mu Okutobala momwemo, ndiye nakonso anthu amadzaza.

Koma ine mtima wanga uli ku Spring Mill, pafupi ndi tauni ya Mitchell, ngakhale kuti kwa a ku South Bend ndiko kutali kwambiri mwa zitatuzi. Kuli chigayo cha miyala cha nsanjika zitatu, chomangidwa mu 1817, choyendera madzi ochokera m'phanga. Madziwo amayenda mu ngalande yamatabwa, n'kugwera pa gudumu lalikulu, gudumulo n'kuzunguza mphero. Chimagayabe chimanga m'miyezi yofunda, ndipo ufa wake, wokhakhala ngati mgaiwa, amagulitsa pomwepo. Mwana wobadwira ku America amene nsima amangoiona ikuchokera mu paketi ayenera kuima pamenepo ndi kuona chimanga chikusanduka ufa. Mozungulira chigayocho muli mudzi wakale umene unakonzedwanso, wokhala ndi nyumba za mitengo, sukulu, ndi malo osulira zitsulo. Mudziwo unafa njanji itadutsa kwina, malonda n'kusamukira ku Mitchell.

Paki yomweyi ili ndi nyumba yokumbukira Gus Grissom, mwana wa ku Mitchell, amene anali Mmereka wachiwiri kupita mumlengalenga ndipo anafa pa moto umene unabuka m'chombo cha Apollo 1 mu 1967. Chombo cha Gemini 3 chimene anaulukira mu 1965 chili momwemo, ndipo mukachiona kuchepa kwake mumadabwa kuti amuna awiri anakwanamo bwanji. Kulinso ulendo wa pabwato wolowa m'phanga la Twin Caves, koma umayenda nyengo yofunda yokha ndipo mvula ikagwa yambiri amauimitsa, choncho funsani musananyamuke.

Pa geti la mapaki onsewa amalipiritsa pa galimoto, osati pa munthu, ndipo ya nambala ya Indiana imalipira zochepa. Ngati muli achinyamata okhaokha, pitani ku Turkey Run. Ngati mwatenga ana ndi makolo obwera kudzacheza kuchokera kumudzi, piririrani msewu wautaliwo mukafike ku Spring Mill, mugone usiku umodzi kuti musathamange.