Sikuta, Cub kapena ya magiya: wamantha ayambire pa iti?

Munthu akangonena kuti ndikufuna kuphunzira njinga yamoto koma ndimaopa, mayankho amabwera othamanga, wina akuti tenga sikuta basi ulibe nazo ntchito za magiya, wina akuti ayi ukayamba ndi otomatiki wazolowera ulesi sudzaithanso ya kilachi. Onse ali ndi mfundo koma sakuona kumene manthawo akuchokera. Woyamba kumene saopa liwiro, liwirolo sanalifike n'komwe. Chimamuopsa n'choti dzanja lililonse ndi phazi lililonse lili ndi ntchito yake nthawi imodzi, ndiye njinga ikangotsomphoka pang'ono mutu umaima, zonse waiwala. N'chifukwa chake ine poyerekeza njinga zitatuzi ndimafunsa funso limodzi: ukasokonezeka uli pamwamba pake, njingayo imakuchita chiyani?

Tiyambe ndi sikuta, monga Honda PCX 125 kapena Yamaha NMAX 125. Ilibe kilachi yogwira ndi dzanja, ilibe magiya oponda, mkati muli lamba wa CVT amene amadzisinthira yekha. Mabuleki onse ali m'manja, lamanja ndi la kutsogolo lamanzere ndi la kumbuyo, mapazi akungokhala. Injini siizima mwangozi ukaima, ndipo kwa munthu wamantha zimenezo ndi mpumulo waukulu chifukwa maganizo onse amapita pa msewu. Mpando ndi wotsika, wa PCX uli cha m'ma 764 mm, ndipo kulemera kwake kuli m'munsi ndiye siikoka kwambiri ukaipendeketsa pang'ono.

Koma pali msampha umene ogulitsa satchula. Ukapotoza moto mopitirira njinga imathamangira kutsogolo, thupi lako limabwerera m'mbuyo, ndipo pobwerera m'mbuyo dzanja lija logwira handulo limapotozanso moto kwambiri, iwe ukuganiza kuti ukudzigwirira kuti usagwe pomwe ukuiwonjezera mphamvu. Pa sikuta palibe kilachi yoti ukoke kuti mphamvu ya injini isafike ku tayala. Chokupulumutsa n'kuzolowera kuyambira tsiku loyamba kugwira handulo dzanja lili lotsika osati lokwera pamwamba, ndi zala ziwiri zakumanzere zili pa buleki nthawi zonse ponyamuka. Chinanso ndi matayala, masikuta ambiri ali ndi a mainchesi 10 mpaka 14, ndiye dzenje kapena mchenga umaumva kwambiri kusiyana ndi njinga ya matayala a 17 kapena 18. Pakati pa miyendo palibenso thanki yoti uipane ndi mawondo, zimene zimachititsa wamantha kukakamira mahandulo ndi mphamvu, ndipo manja olimba amaipitsa kukhota. Musaganizenso kuti sikuta ndiyopepuka chifukwa ikuoneka yofatsa, PCX imalemera pafupifupi 130 kg pomwe Honda CB125F ya magiya ili cha m'ma 117 kg.

Tsopano ya magiya, CB125F yomweyo kapena Yamaha YBR125. Apa ndi pomwe anthu amathawa. Dzanja lamanzere kilachi, phazi lamanzere magiya, dzanja lamanja moto ndi buleki ya kutsogolo, phazi lamanja buleki ya kumbuyo. Zambiri zimayenda motere: giya 1 uponda pansi, nyutulo ili pakati pa 1 ndi 2, enawo ukweza m'mwamba, ngakhale zilipo zina zimene magiya onse amalowera mbali imodzi ndiye funsani kaye musanakwere. Masiku oyamba imazima, ndiponso imazima, mpaka munthu amayamba kudzikayikira. Pabwalo lopanda magalimoto kuzima kulibe vuto lililonse, ungoliza n'kuyambanso. Pamphambano pali magalimoto kumbuyo ndiye nkhani ina, n'chifukwa chake ya magiya siyofunika kuthamangira nayo pamsewu.

Komabe ine ndimati kilachi imene wamantha amaiopayo ndi imene ingamuthandize kuposa china chilichonse pa njingapo. Ukaikoka yonse injini ikhoza kulira mmene ingathere koma tayala sililandira kanthu. Wasokonezeka? Koka kilachi, gwira mabuleki pang'onopang'ono, basi waima. Ndipo kuiphunzira sikufuna kulimba mtima, kumafuna kubwereza: lowetsa giya 1, moto usaukhudze n'komwe, masula kilachi pang'onopang'ono mpaka umve njinga ikuyamba kukoka, ikokenso, masulanso, uzingogwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo mapazi ali pansi. Kenako uziyenda nayo mapazi akuponda pansi ngati mwana amene akuphunzira kuyenda atagwira mpando. Dzanja likadziwa malo amene kilachi imayambira kugwira, mantha ambiri amatha okha, chifukwa wadziwa kuti njinga siingapite kulikonse usanaiuze. Malo omwewo ndi amene udzagwiritse ntchito pokhota pang'onopang'ono pamalo opanikiza ndi ponyamuka pachitunda phazi lili pa buleki ya kumbuyo. Pa sikuta luso limeneli sulipeza ngakhale uyende zaka.

Yachitatu anthu amaiiwala, ya pakatikati, banja la Honda Super Cub ndi zofanana nayo monga Honda Wave kapena Yamaha Crypton. Super Cub inatuluka mu 1958 ndipo pofika 2017 Honda inali itapanga zoposa 100 miliyoni, ndiye anthu ambirimbiri anaphunzirira pomwepo. Magiya umaponda ndi phazi koma kilachi ya dzanja ilibe, imadzigwira yokha injini ikakwera. Ukaima uli mu giya siizima. Matayala ndi a mainchesi 17, ndi yopepuka, C125 ili cha m'ma 110 kg, ndipo mwendo umangodutsa kutsogolo pokwera osachita kuuponya pamwamba pa mpando, zimene zimathandiza kwambiri munthu wamfupi. Buleki ya kumbuyo ili kuphazi lamanja ngati pa ya magiya, ndiye mapazi onse awiri akuphunzira ntchito yeniyeni ndipo khutu likuzolowera kumva nthawi yosintha giya. Kuipa kwake, ukaiwala kutseka moto posintha giya imakugwedeza zoopsa, makamaka pa 1 kupita pa 2, ndipo vuto lija la sikuta loti ulibe chokoka ukapotoza moto mwangozi liliponso pano. Dzanja lamanzere siliphunzira kalikonse.

Pali zinthu zimene sizisintha kaya wakwera iti. Buleki ya kutsogolo ndi imene imaimitsa njinga kwambiri, cha m'ma 70 peresenti, ndiye kuiopa n'kumangodalira ya kumbuyo n'kudzinamiza, koma ukaifinya mwadzidzidzi mahandulo atakhota uli pang'onopang'ono njinga imagona pansi pomwepo, ndiko kugwa kumene oyamba ambiri amagwa. Ndipo njinga imapita kumene maso akuyang'ana, ukayang'anitsitsa mwala umene ukuuopa uuwomba ndithu. Ngati mukusankha pakati pa ziwiri zofanana tengani yokhala ndi ABS, NMAX 125 ili nayo, chifukwa dzanja la munthu wodzidzimuka limafinya mopitirira ndipo ABS imaletsa tayala kuuma n'kutsetsereka. Zina za 125, ndiye kuti za injini yaing'ono ya 125cc, zili ndi CBS, imene imagawa buleki ku matayala onse awiri, imathandiza koma siiletsa kutsetsereka. Za njinga zazikulu za 600cc kupita m'mwamba sindikuziikamo n'komwe, wina akakuuzani kuti yambirani pompo mudzakuliramo, muthokozeni n'kumusiya.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ngati mukudziwa kuti tsiku lina mudzafuna ya magiya, yambirani pa 125 ya magiya, pabwalo lopanda kanthu, ndi munthu wodekha amene sakalipa, makamaka mphunzitsi wa kusukulu yoyendetsa chifukwa mnzanu amene wayenda zaka zambiri nthawi zina sathanso kufotokoza zimene manja ake amachita. Masiku oyamba adzawawa kuposa a pa sikuta, koma mudzatuluka muli ndi chinthu chokoka zinthu zikavuta. Ngati chimene mukufuna n'kungoyenda maulendo afupiafupi pa tala wabwino ndipo za magiya zikukulepheretsani tulo, tengani sikuta opanda manyazi, ndi njinga yamoto yeniyeni, ingoipatsani ulemu ponyamuka. Cub ndimaisungira amene anayesa ya kilachi n'kuona kuti zachuluka nthawi imodzi, kapena amene msewu wake ndi wa maenje ndi mchenga komwe matayala aang'ono amavutika, ndipo kuchoka pa Cub kupita pa ya magiya kumangotsala kuphunzitsa dzanja limodzi.

Musanalipire chilichonse fufuzani za laisensi, chifukwa m'mayiko ena, monga ku UK, ukakhoza mayeso pa otomatiki laisensi yako imangokulola otomatiki, ya magiya uyenera kuyesedwanso. Ndipo iliyonse mwa zitatuzi ikwereni kaye injini ili chozima, muone ngati mapazi akufika pansi bwinobwino, muipendeketse pang'ono uku ndi uku, mutsike muikankhe n'kuibweza m'mbuyo, helemeti ndi magulovu mutavala kale kuti mumve mmene zala zikufikira pa mabuleki.