Filimu ya Jack Sparrow: wogulitsa anati ndi ya ana, mwana wanga mpaka pano akuopa mwezi

Mnyamata woika mafilimu kufupi ndi depoti ya Kasungu uja, ngati ukuwerenga izi dziwa kuti sindinaiwale.

Ndinapita Loweruka ndi flash yanga ndipo ndinalankhula momveka bwino. Ndinati, achimwene, ana atsekera sukulu, apongozi abwera kuchokera kwa Santhe, ndiikireni filimu yoti tionere banja lonse, yomasulira m'Chichewa, wamng'ono ali ndi zaka 5. Iye maso ali pa kompyuta, osandiyang'ana n'komwe, anangoti, "Mayi, iyi ndi ya Disney, ya ana yeniyeni, mukaseka mpaka nthiti kuwawa." Ndinapereka K1,000 yanga n'kumapita. Filimu yake ndi Pirates of the Caribbean: The Curse of the Black Pearl, yoyamba ija ya 2003. Kufika kunyumba, kutsegula, Chingerezi chokhachokha. Kumasulira kuja ndiye bodza loyamba. Zinangoyenda chifukwa Tadala, wachisamba wanga amene ali Fomu 1, anadzipereka kuti aziwamasulira agogo ake.

Chiyambi chinatinamiza tonse. Johnny Depp, amene ndi Jack Sparrow, akulowa padoko la Port Royal ataima monyada pamwamba pa mlongoti ngati mwini nyanja, kamera ikabwerera mmbuyo mupeza kuti kabwato kake kakumira, ndipo akutsikira padoko madzi atameza kale zonse. Apongozi anaseka mpaka kugwira mpango wakumutu. Kayendedwe kake kodzandira, maso opaka zakuda, manja m'malere ngati munthu wochokera kumowa wamasese, Pempho, wamng'ono uja, anayamba kumutsanzira pomwepo pamkeka. Mitembo itatu ya achifwamba yolendewera pazingwe inaoneka pang'ono, ine ndinaiona koma ndinati zadutsa. Wantchito wa kunyumba kwa bwanamkubwa atawomberedwa akutsegula chitseko, bambo a Tadala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali. Ndinali nditalipira kale.

Tsono pamene zinafika poipa ndi apa. Achifwamba aba Elizabeth, mwana wamkazi wa bwanamkubwa, n'kupita naye m'sitima yawo ya matanga akuda. Mmodzi akumubweretsera diresi n'kumuuza zimene zichitike akakana kuvala. Tadala, amene anali kumasulira mawu aliwonse mwachangu, anangoti zii. Agogo ake akuti, "Wati chiyani ameneyu?" Mwana akuti, "Sindinamve bwino agogo." Anamva. Wachifwambayo ananena kuti akakana, akadya ndi anyamata a m'sitima ali mbulanda. Mwana wanga ali ndi ulemu, ndipo pamenepo ndinamunyadira. Koma tisanapume, mtsikana uja wabaya Barbossa, mtsogoleri wa achifwambawo, ndi mpeni pachifuwa, Barbossa akungouzula ngati minga, mtsikana akuthawira panja, ndipo panjapo mwezi ukuwala. Anthu onse aja asanduka mafupa okhaokha, nsanza zikulendewera, nyama yowola ili apo ndi apo, akukolopa ndi kukoka zingwe ngati palibe chachilendo. Ngakhale kapusi kawo n'kachigoba. Barbossa akumwa vinyo, vinyoyo akutsikira m'nthiti ife tikuona.

Pempho anakuwa mokweza moti anebala anagogoda kufunsa ngati kwagwa zovuta. Anandikwera pamsana, zikhadabo m'khosi mwanga. Apongozi anaimirira n'kunena kuti, "Zimitsani! Ufiti mwauika pakhoma ana akuona?" Bambo a Tadala akufufuza rimoti, rimoti ili pansi pa mkeka, mafupa akupitirira kuvina. Anachita kuzula waya kukhoma.

Ndipo tsoka lake, usiku umenewo mwezi unali wathunthu. Inu a kuno mukudziwa mmene kumayerera nthawi yachisanu, mpaka phiri la Kasungu kuoneka ngati masana. Chimbudzi chathu chili panja. Mwana amene amapita yekha atanyamula tochi anakanitsitsa, akuti akaponda pamene pali mwezi asanduka mafupa. Anakodza pamphasa, chinthu chimene anasiya ali ndi zaka 3. Mwana ameneyu Gule Wamkulu akamadutsa amathawira m'nyumba ngati anzake onse koma akatha amatuluka akuseka, chifukwa amadziwa kuti zilombo zili ndi nthawi yake ndi kwawo. Izi za mwezi zinamulowa mwina, poti mwezi sungauthawe. Sabata yachitatu ino, kukada amayamba wasuzumira pawindo.

Lolemba ndinabwerera kwa mnyamata uja. Anaseka. Akuti, "Mayi, ndi mafilimu chabe, si zenizeni." Ndinati zimenezo ukamuuze mwana wa zaka 5 pakati pa usiku. Ndalama anakana kubweza, m'malo mwake akuti andiikira gawo lachiwiri ngati basela. Tadala ndi amene anandionetsa pafoni kuti ku America filimuyi anaipatsa chizindikiro cha PG-13, kutanthauza kuti makolo asamale ndi ana osafika zaka 13, ndipo inali yoyamba yotuluka ndi dzina la Walt Disney Pictures kulandira chizindikiro chimenechi. Pa DVD chimalembedwa pachikuto. Pa flash palibe chikuto, chikuto chako ndi pakamwa pa wogulitsa, ndipo wanga ankangodziwa kuti Disney ndi makatuni basi.

Komabe ndinene chilungamo, chifukwa mkwiyo wanga uli pa munthu, filimuyo ilibe mlandu wonse. Lachitatu masana Pempho ali kwa azakhali ake, Tadala anandichonderera kuti timalize. Ndinavomera monyinyirika, ndikusankha nyemba. Nyembazo sindinamalize kusankha. Nkhani yake ndi yolukidwa bwino. Achifwamba aja anaba ndalama zagolide 882 za Aaziteki zimene zinali ndi temberero, anazimwaza pa mowa ndi akazi, kenako anapeza kuti chakudya sichikoma, ludzu silitha, ndipo kufa sangafe. Kwa zaka 10 akhala akutolera ndalamazo imodziimodzi kuti azibweze m'bokosi, pamodzi ndi magazi a aliyense amene anatengako. Barbossa, amene akuseweredwa ndi Geoffrey Rush, amangoyendayenda ndi apozi m'manja, kulakalaka tsiku limene adzamve kukoma kwake. Ndinapezeka ndikumumvera chisoni munthu yemweyo amene anandilizira mwana. Apongozi, amene anati sadzayang'ananso, anali atakhala pakhomo chammbali akusenda mtedza, ndipo pofika apa anati, "Chuma chokhwimira chimatero, umakhala nacho koma osachidya." Anasendeza mpando.

Ndewu za malupanga ndi zabwino kwambiri, makamaka ya m'nyumba yosulira zitsulo pamene Jack akulimbana ndi Will Turner, mnyamata wosula malupanga, mpaka kukwera pamitanda ya denga. Magazi ndi ochepa poyerekeza ndi mafilimu a karate amene anyamata amaonera m'mavidiyo sho. Elizabeth, amene akuseweredwa ndi Keira Knightley, si mtsikana wongolira kudikira womupulumutsa: pachilumba chimene achifwamba anawatayapo awiriwa, anamuledzeretsa Jack n'kuwotcha mowa wonse kuti utsi uitane sitima. Apongozi anawomba m'manja. Mowawo ndiye wachuluka, Jack ndi chidakwa chimene filimu ikufuna kuti uchikonde, ndipo ku Tortuga, chilumba cha achifwamba, kuli akazi oyendayenda ndi anthu ogona m'matope ndi nkhumba. Zogonana zoonekera mulibe, kupsompsonana kuli kumapeto kokha. Zina zonyansa amazisandutsa nthabwala, monga wachifwamba wa diso lamtengo limene limagwa n'kumagubuduka, ndi nkhalamba yodulidwa lilime imene chinkhwe chimailankhulira. Tadala amafa nazo kuseka. Ine pamene mafupa aja akuyenda pansi pa nyanja kupita kukaukira sitima ya asilikali, tsitsi linandiimabe, masanasana.

Ndi yaitali, maola awiri ndi mphindi zoposa 20, ndipo chakumapeto amangobwererabwerera kuphanga limene muli bokosi la golide lija mpaka umafunsa kuti kodi sanathane. Amene mumadalira batire ya sola yambani dzuwa likadalipo.

Ndiye kwa amene mukufunsa ngati ndi ya banja lonse: kwa mwana wa zaka 12 kupita m'tsogolo, inde, ndipo mukhale naye pomwepo. Wa sitandade 5 kapena 6 wolimba mtima mwina, koma masana. Wa ku mkaka ndi wa sitandade 1 ayi, olo wogulitsa alumbire pa manda a agogo ake. Filimu ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mnyamata uja sindimupatsa kanthu, ndipo flash yanga inabwerako nyimbo za kwaya yathu zitafufutika.

Gawo lachiwiri la basela lija sindinalitsegule. Tadala akuti muli munthu wa ndevu zamoyo zoyenda ngati njoka, ndiye lidikire kaye. Apongozi anabwerera kwa Santhe Lachisanu, ndipo dzulo aimba foni. Atafunsa za Pempho ndi za mtengo wa soya, anatsitsa mawu n'kufunsa ngati kapusi kaja kanachira temberero.