AC ya galimoto yanga ya ku Japan, patatha chaka

Mlamu wanga akufuna kuitanitsa galimoto kwa munthu yemweyo amene anandigulitsa yangayi chaka chatha, ndiye wandifunsa ngati ndi wodalirika. Ndaona kuti ndingolemba pano, ena amve nawo.

Galimotoyi ndi yaing'ono, injini ya 1.3, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Mafuta imamwa pang'ono, giya sinavutepo, maenje a m'misewu yathu yawapirira. Apa ndilibe dandaulo.

Yandidyera ndalama ndi AC. M'miyezi yozizira sindinkaiyatsa n'komwe, choncho vuto linadzaonekera mu Okutobala. Ndikamathamanga pa M1 inkazizira bwinobwino, koma ndikangolowa mumpanipani wa m'tauni muno mu Lilongwe, mphepo yotentha basi, kompuresa, pampu yopopa gasi wa AC, n'kumangoyaka, kuzima, kuyaka, kuzima. Makaniko woyamba sanachedwe: gasi watha. Anathira gasi wa AC wotchedwa R134a, ndinalipira. Vuto litabwerera anathiranso, ndinalipiranso, ndipo zinangoipiraipira.

Amene anaitulukira ndi mdala wina wa zamagetsi a galimoto ku Biwi. Iye anayamba walumikiza mageji, injini ikulira galimoto itaima. Muvi wa mbali ya pulesha yaikulu unkangokwera, koma fani ya pa rediyeta ili du. Anandisonyeza kaswitchi ka mawaya anayi pa kapaipi kakang'ono ka AC. Akuti kali ndi ntchito zitatu: kamazimitsa kompuresa gasi akachepa, kamaizimitsanso pulesha ikakwera kwambiri, ndipo pakatikati apo ndi kamene kamadzutsa fani kuti iziziritse kondensa, chipangizo cha kutsogolo kwa rediyeta chimene chimachotsa kutentha kwa gasi wa AC. Pamsewu waukulu mphepo yakutsogolo imagwira ntchito ya fani, n'chifukwa chake kumeneko zonse zinkaoneka bwino. Anazula pulagi, n'kugunditsa kawaya pa timiyendo tiwiri ta fani, fani yomweyo wuu! Ndiye kuti fyuzi, rileyi ndi mota yake zinali bwino, kofa kanali kaswitchiko. Gasi yemwe anathiridwa mongoyerekeza uja ankangowonjezera pulesha.

Ndinaimbira wogulitsa, poti pogula anandilonjeza kuti chikavuta ndimuuze. Yankho lake: "Bwana, ingomangani waya wolambalala switchi yonse, aliyense amatero." Mdala uja anakana kwamtuwagalu, ati mukatero kompuresa yatsala yopanda mlonda, tsiku lina idzapsa kapena paipi idzaphulika. Nditamuimbiranso wogulitsayo kuti tigawane mtengo, foni inayamba kungoitana.

Switchi tinapeza yakale pa mashopu a masipeya pompo, yotsika mtengo kuposa gasi wothira kamodzi. Chowawa n'chakuti pa galimoto yangayi sungaimasule gasi ali momwemo, ndiye ndinagulanso gasi, ulendo uno woyeza pa sikelo molingana ndi kapepala ka pansi pa boneti.

Mwezi umenewo mukanandifunsa ndikanati galimotoyi ndi yachabechabe. Panopa ndapita nayo ku Salima dzuwa likuswa mtengo, ana anagona kumbuyo mpaka kupempha kuti ndichepetse kuzizira, ndiye mtima watsika. Galimoto ndi yabwino, alamu, itanitsani. Koma kwa munthu ameneyu musamalize kulipira musanaiimike pamalo amodzi AC ili chiyakire kwa mphindi 15, boneti ili yotsekula, mpaka muone fani ikuzungulira. Ikapanda kuzungulira, mtengo wa switchi ndi gasi auchotse pa ndalama yotsalayo.