Tebulo la kwa mmisiri wa ku Chitakale amene sagwiritsa ntchito magetsi

Tebulo lodyera limene ndinapangitsa kwa mmisiri wina wa matabwa ku Chitakale latha chaka ndi miyezi inayi lili m'nyumba mwathu, ndipo tsopano ndingathe kulankhula za ntchito yake mosakayika, chifukwa lapirira dzinja lonse pamodzi ndi chiperoni cha mu June ndi July, chimene kuno ku Mulanje chimafufumitsa zitseko ndi kupinda thabwa lililonse limene silinaume bwino. Mpaka lero silinang'aluke, siligwedera, ndipo dirowa yake imatseguka mosavuta ngati tsiku loyamba.

Malo ake ndi chisakasa cha malata kuseri kwa msika, chopanda chikwangwani, mmene bambo wachikulire amagwira ntchito ndi anyamata awiri amene akuwaphunzitsa. Zida zawo ndi sowo, chopalira, tchizulo ndi nyundo. Nthambo za magetsi zadutsa pafupi kwambiri, kotero ndinawafunsa chifukwa chimene sanalumikizire. Anayankha kuti, "Mayi, makina amafulumira ndithu, koma mnyamata amene wayambira pa makina sadziwa kumva thabwa ndi dzanja, ndiponso magetsi akathima amangokhala pansi." Sikuti amadana ndi makina, pakuti zipika zikuluzikulu amakachekesa kwa anzawo amene ali nawo, koma ntchito yolumikiza ndi yosalaza amafuna kuti idutse m'manja.

Yankho limeneli linandikumbutsa anthu otchedwa Amish, amene mbiri yawo yakhala ikundikopa kwa nthawi yaitali. Ndi Akhristu amene anapatukana ndi anzawo ku Ulaya m'chaka cha 1693 motsogozedwa ndi Jakob Ammann, ndipo m'zaka za m'ma 1700 anayamba kusamukira ku Pennsylvania m'dziko la America. Lero ambiri ali ku Pennsylvania, Ohio ndi Indiana, kumene amayenda pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, amavala zovala zopanda zokongoletsa, ndipo salumikiza nyumba zawo ku magetsi a m'dzikomo ngakhale kuti ndalama zolumikizira ali nazo. Mipando ndi matebulo awo n'zotchuka chifukwa cha kulimba. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nawonso sakana chida chilichonse chatsopano: amisiri awo ambiri amayendetsa makina ndi injini za dizilo komanso mpweya wopopedwa, ndipo foni amailola, koma amaiika m'kanyumba kapadera kunja kuti isamadule nkhani za pabanja. Mpingo uliwonse umakhala pansi n'kuunika chimene chidacho chidzachite pakati pa anthu, kenako n'kugwirizana.

Bambo wa ku Chitakale si wa gulu limeneli, ndipo dzina lake anali asanalimvepo. Iwo anakulira kufupi ndi Makwasa ku Thyolo, kumene kuli mishoni ya Malamulo imene yakhala m'manja mwa mpingo wa Seventh-day Adventist kuyambira mu 1902, ndipo Lachisanu dzuwa likamapendeka zida zonse zimalowa m'bokosi mpaka Sabata litatha. Ndinaziona ndekha tsiku lina pamene munthu wina anabwera ndi ndalama m'manja kuti amumalizire bedi Loweruka, koma anabwezedwa mwaulemu. Chikhulupiriro chawocho ndinakumana nachonso pa nkhani ya matabwa. Ine ndinapempha mkungudza chifukwa cha fungo lake ndi kusafumbwa kwake, koma anakana nthawi yomweyo. "Mayi, mtengo umenewo watha m'phirimu ndipo kudula n'koletsedwa. Wondigulitsa usiku sangasowe, koma ine sindingapemphere bwino nditaugula." Ndinachita manyazi, chifukwa ndinkadziwa bwino lomwe kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu. M'malo mwake anagwiritsa ntchito malaina pamwamba ndi bulugamu wouma bwino kumiyendo, ndipo miyendoyo anailowetsa m'mabowo osemedwa ndi tchizulo, osati kungokhomerera misomali monga zimachitikira ndi matebulo ambiri a m'mbali mwa msewu.

Zodandaulitsa zilipo, ndipo wofuna kupitako azidziwiretu. Tebulo linatenga milungu isanu ndi iwiri, ngakhale kuti chilungamo chake n'chakuti anandiuziratu choncho ndipo tsiku limene ananena silinasinthe. Foni yawo ya mabatani imakhala pashelefu nthawi ya ntchito, kotero kuti ndinaimba kangapo osayankhidwa ndipo ndinachita kukwera kabaza katatu kukaona mmene zinthu zikuyendera. Mtengo wake unali pafupifupi kuwirikiza kawiri wa matebulo a pamsika, galimoto yonyamulira ndinafuna ndekha, ndipo amene amakonda mipando yogobagoba maluwa kapena yonyezimira ngati ya pa zithunzi za pa Facebook sadzakhutira, pakuti ntchito ya bambowa ndi yosalala, yopanda chokometsera china kupatula vanishi.

Pali mbali imodzi imene ndimasiyana ndi anzanga amene amasirira moyo wa a Amish mopanda kufunsa. A Amish anasankha kukhala opanda magetsi ali m'dziko lolemera, pamene ana ambiri a m'midzi ya m'munsi mwa phirili amawerenga ndi tochi chifukwa cha umphawi, ndipo umphawi suyenera kutchedwa kudzichepetsa. Komanso ana a Amish amalekeza sukulu akamaliza kalasi yachisanu ndi chitatu, zimene khoti lalikulu la ku America linavomereza mu 1972. Ine monga mphunzitsi amene ndimalimbana chaka ndi chaka kuti atsikana asathere pa Sitandade 8, mwambo umenewo sindingauyamikire, monganso sindiyamikira chizolowezi chawo chosala munthu amene wasiya mpingo atabatizidwa kale.

Chimene chimandikhudza mtima ndi kudalirana kwawo. Khola lalikulu la mnzawo likapsa, amuna a m'deralo amasonkhana n'kuimika lina pamodzi, amayi akuphika, monga mmene makolo athu ankachitira pa dima. Namondwe wa Freddy atawononga m'boma lino mu March 2023, mmisiri wathuyu ndi anyamata ake anakhala milungu ingapo akukonza zitseko ndi mafelemu a anthu a kumudzi kwawo pa ngongole yopanda tsiku, ndipo nkhaniyi sindinaimve kwa iwo koma kwa mayi wogulitsa nthochi pafupi ndi chisakasacho. Kunyumba kwathu tinatengerapo kanthu kamodzi: nthawi ya chakudya chamadzulo mafoni onse amalowa m'dirowa ya tebulo lija, ndipo ana, amene poyamba ankanyinyirika, tsopano amafotokoza za kusukulu mpaka nsima kuzizira.

Sabata yathayi ndinabwererako kukapangitsa mipando isanu ndi umodzi. Anayeza kutalika kwa tebulo kuchokera m'kope lawo lakale, analandira theka la ndalama n'kulemba, ndipo anati, "Mayi, mubwere pakutha pa miyezi iwiri, matabwa ake ayambe auma." Wofuna kuwapeza apite m'mawa pakati pa Lolemba ndi Lachinayi, atatenga miyeso ya chipinda chake.