Amoxicillin ndi nisin: kusiyana kwake kuli pati?

Ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, munthu wodwala chibayo nthawi zambiri amapatsidwa amoxicillin, mankhwala a m'banja la penicillin. Alexander Fleming anatulukira penicillin ku London mu 1928. Chaka chomwecho ofufuza anazindikiranso nisin, kapuloteni kamene mabakiteriya a mumkaka otchedwa Lactococcus lactis amapanga kuti aphe anzawo olimbirana nawo chakudya.

Amoxicillin ndi wotsika mtengo, pomwe mapuloteni ngati nisin amadya ndalama zambiri powayeretsa kuti akhale mankhwala.

Amoxicillin amalepheretsa bakiteriya kumanga khoma lake, koma mabakiteriya ambiri anamuzolowera, mwa zina chifukwa cha makapisozi ogula awiriawiri pamsika. Nisin amalepheretsanso kumanga khomalo, kenako n'kubowola khungu la bakiteriya, motero kumuzolowera n'kovutirapo.

Chofooka cha nisin n'chachikulu ndithu: ukameza, amagayidwa m'matumbo ngati nyama, osafika m'magazi.

Wodwala ayenera amoxicillin wolemberedwa kuchipatala, ndipo amalize mlingo wonse. Nisin pakadali pano amathandiza opanga tchizi ndi zakudya zam'zitini, komanso alimi ena kunja amapukutira mabere a ng'ombe zamkaka.