Pacifico, Amatic SC, Caveat ndi Permanent Marker: zilembo ziti zoyenera chikwangwani?

Okonza zikwangwani ndi makadi a ukwati mu Lilongwe amakonda zilembo zooneka ngati zolembedwa pamanja chifukwa zimakopa maso mwaubwenzi. Kale ambiri ankangothamangira Comic Sans, imene Vincent Connare anakonzera Microsoft mu 1994, poti inkapezeka kale m'kompyuta. Lero pa Google Fonts, tsamba la pa intaneti lopezekapo zilembo za pakompyuta, pali mitundu yambiri yaulere yololedwa ngakhale pa malonda, ndipo posankha m'pofunika kuganizira kaye mtunda umene wowerenga adzaima.

Pacifico, imene Vernon Adams anatulutsa mu 2011, ili ndi zilembo zonenepa, zozungulira ndi zolumikizana, choncho dzina la saluni kapena malo odyera limaoneka bwino ngakhale kwa munthu amene ali mu minibasi pa msewu wa Malangalanga. Vuto lake ndi lakuti imadya malo, ndipo mawu athu a Chichewa ndi aatali. Komanso siyenera kulembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha, chifukwa zikatero zimapiringizana ndipo siziwerengeka.

Amatic SC, ya mlengi yemweyo, ndi yosiyana kwambiri ndi inzakeyo. Zilembo zake ndi zazikulu zokhazokha, zazitali ndi zopyapyala, moti mawu ngati “Takulandirani ku chinkhoswe” amakwana pa mzere umodzi mosavuta. Koma kupyapyalako n'kumene kumaigwetsa panja, chifukwa dzuwa ndi fumbi la mwezi wa October zikafufutsa utoto, timizere take timazimirira msanga. Ine ndimaisungira mndandanda wa zakudya ndi mitengo yake, umene munthu amawerenga ataima pafupi.

Caveat, ya Pablo Impallari, ndiyo imafanana kwambiri ndi dzanja lenileni, ndipo ili ndi luso limene limathandiza Chichewa kuposa mmene ambiri amaganizira: chilembo chikabwerezedwa, imachisintha pang'ono maonekedwe. Popeza mawu athu amadzaza ndi “a”, mitundu ina imaulula msanga kuti ndi ya makina, pamene Caveat imabisa zimenezo, bola pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito ikhale yolola kusinthako. Pa makadi a ukwati ndi pa zithunzi za pa WhatsApp, imeneyi ndimaiika patsogolo pa zinzake zonse, ngakhale kuti pa chikwangwani cha pamsewu ndi yofooka.

Permanent Marker ndi ya kufuula, yoyenera mawu awiri kapena atatu olengeza kutsika kwa mitengo, osati chiganizo chathunthu.

Musanalipire kosindikiza, lembani “Malaŵi” ndi “ng'ombe” kuti muone ngati ŵ ikutuluka ndiponso ngati kachizindikiro ka ng' sikakudula mawu pakati. Mukatero tumizani ntchitoyo ngati PDF, kapena sandutsani zilembozo kukhala ma curves (zojambula zosadaliranso mtundu wa zilembo) mu pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW, chifukwa kompyuta ya osindikiza ikapanda mtundu umene mwasankhawo, imaikapo wina popanda kukufunsani.