Dithane, kopa kapena Ridomil: tipopere uti chiperoni chikatsika?

Kuno ku Thyolo chiperoni chikangotha masiku atatu, pitani kudimba mamawa mukatembenuze tsamba la matimati. Pamwamba mupeza banga lakuda ngati lawauka ndi madzi otentha, kunsi kwake tinkhungu toyera. Chiwawu chimenecho, ndipo sichichedwa kumaliza dimba lonse.

Pa mankhwala opopera, ine amene ndimadalira ndi Dithane M-45, ufa wachikasu uja. Mphamvu yake ndi mancozeb, momwe muli manganese ndi zinc. Salowa m'kati mwa mbewu. Amangomatirira pa tsamba n'kupha timbewu ta matenda tisanamere, ndipo amatigwira m'njira zambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake matenda samuzolowera wamba. Vuto lake, mvula imamutsuka, komanso tsamba lophuka mutapopera kale limakhala lopanda chitetezo. Ndiye kubwereza sabata ndi sabata, chiwawu chisanaoneke. Maiko a European Union anamuletsa kuyambira 2021 poopa thanzi la anthu, choncho chonde abale, musamavundule ndi dzanja mu sipuleya. Zimandipweteka kuona mnyamata akupopera chifuwa chili pamtunda.

Kopa, wobiriwira uja, nayenso amakhala pamwamba pa tsamba. Pomwe amaposa anzake ndi pa timawanga tobwera ndi mabakiteriya. Koma samalani naye kukazizira. Chaka china mu June ndinaonjeza muyeso pa nazale, mbande zanga zinapsa nsonga zonse, ndinabzala mochedwa anzanga atayamba kale kupita ndi madengu ku Bvumbwe. Kopa sawolanso m'nthaka, amangounjikana.

Ridomil Gold ndi wodula, koma pali chifukwa. Muli mancozeb 64 peresenti ndi metalaxyl-M 4 peresenti, ndipo kochepako ndi kamene kamalowa m'tsamba n'kukwera mpaka kunsonga zanthete, kumene mvula siingakatsuke. Komabe kamagwira matenda m'njira imodzi yokha, motero chiwawu chimakazolowera msanga. Alimi a mbatatesi ku Ireland ndi ku Netherlands anaziona zimenezi cha m'ma 1980. Ndimamusungira masiku amene nkhungu yaphimba minda ya tiyi osachoka, kawiri kapena katatu pa mbewu imodzi, kenako ndibwerere kwa Dithane.

Tsamba lomwe lada kale palibe mwa atatuwa angalidzutse. Lithotholeni, mukalikwirire kutali ndi dimba, mupopere otsalawo mame atauma.